Akapambana Ndiye Wathu

Mu Januwale 2019, sukulu zitangotsegulira teremu yachiwiri, aphunzitsi aakulu adatiitanira mu ofesi mwawo ndi kutiuza kuti kukubwera alangizi a zaumoyo kudzabaya katemera atsikana onse a zaka 9. Adati katemerayo ngoteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, ndipo poti ine ndidali mphunzitsi wamkazi wokhalitsa pasukulupo, ntchito yolankhula ndi makolo idagwera ine. Anzanga adaona ngati ndapatsidwa kantchito kopepuka. Sadadziwe kuti dzina la nthendayo lidanditokosa pachilonda chimene ndinkayesa kuti chidapola.

Achemwali anga, amene ndidapondana nawo, adamwalira ndi nthenda yomweyo mu 2012. Idayamba ndi kutaya magazi pa nthawi yosayenera, ndipo monga achitira amayi ambiri kwathu kuno, iwo adabisa. Ataulula, tidayamba ndi mankhwala a zitsamba, kenaka chipatala chaching'ono cha kwathu komwe adawapatsa mapiritsi opha ululu, kenaka chipatala cha paboma, mpaka tidakafika ku chipatala chachikulu kutapita chaka chathunthu. Dokotala wa kumeneko adanditengera pambali nandiuza kuti tachedwa. Adati chimene chikadathandizako ndi makina ootcha khansa, koma pa nthawiyo m'Malawi muno mudalibe makina oterowo ngakhale amodzi. Odwala amwayi ankatumizidwa kunja, ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ndipo mndandanda wa odikira udali wautali kuposa masiku amene achemwali adatsala nawo. Tidabwerera kumudzi pa minibasi, mutu wawo uli pamiyendo panga. Adasiya ana atatu, ndipo wamng'ono, kamtsikana ka zaka zitatu, ndidakatenga ine. M'Januwale uja kamtsikanako kadali ndi zaka 9, ndipo dzina lake lidali m'kaundula wa alangizi aja.

Koma chilonda changa sichidali cha imfa yokha. M'banja mwathu muli dokotala. Mlongo wathu, mzime wa amayi, adaphunzira udokotala ku Blantyre. Boma lidalipira mbali yake, koma nsapato, sopo ndi ndalama ya basi zidachokera m'manja mwathu. Achemwali ankadzuka tambala woyamba kukazinga zitumbuwa kuti mnyamatayo asachite manyazi pakati pa anzake. Tsiku lomwe adalandira digiri yake amayi adalulutira mpaka mawu adasasa. Mu 2008 adapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Britain, ndipo adati akakhala zaka zitatu. Zaka zitatu zidakwana, zinayi zidakwana, iye osabwera. Achemwali akudwala ankaimba foni kutilimbikitsa kuti tithamangire ku chipatala chachikulu, koma mawu a pafoni sanyamula wodwala. Pa maliro sadaoneke. Adangotumiza ndalama ya bokosi. Usiku wa tsiku loika maliro ndidamuimbira ndi kumuuza mawu amene ndikuwakumbukirabe bwino lomwe: "Tidavutika kuphunzitsa dokotala woti azichiza azungu, ife tizilandira mabokosi." Kuchokera pamenepo moni wathu ankadzera kwa amayi.

Sabata ya katemera itayandikira, mphekesera zidayamba kuyenda m'midzi yozungulira sukulu. Ena ankati jakisoniyo ngotseka ana kuti asadzabereke, ena ankati muli kachirombo kamoyo kamene kadzawadwalitse akadzakula. Makolo ankandiimitsa kuchigayo ndi pamjigo kundifunsa, ndipo mayankho anga adali osakhutiritsa ngakhale kwa ine mwini. Ndikadawalimbitsa mtima bwanji pa chinthu chimene inenso ndinkachikayikira, mwana wa achemwali ali pamzere womwewo? Usiku wina ndidadzichepetsa ndi kukapempha nambala ya mlongo wanga kwa amayi.

"Achemwali, kwagwanji?" adafunsa ndi mawu onjenjemera, pakuti ankadziwa kuti ine sindingaimbe popanda zovuta.

"Sikudagwe kanthu, achimwene. Ndikufuna mundiuze zoona zake za katemera akubwera nayeyu."

Mwana ameneyu ndidamubereka kumsana ndikumutcha iwe, koma usiku umenewo ndidamupatsa ulemu wa mlendo. Iye adamva, koma sadanenepo kanthu. Adangoyamba kufotokoza pang'onopang'ono, monga munthu amene wakhala zaka zambiri akudikira kufunsidwa.

Adati khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo ndipo thupi limakachotsa lokha, koma mwa amayi ena kamakhalitsa zaka zambiri, n'kumasokoneza pang'onopang'ono minofu ya pakhomo la chiberekero mpaka isanduke khansa. Amene adaonetsa zimenezi ndi katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, yemwe mu 1983 ndi 1984 adapeza mitundu iwiri ya kachiromboka, wa nambala 16 ndi wa nambala 18. Mitundu iwiri yokhayi ndiyo imayambitsa nthendayi mwa amayi pafupifupi 7 pa amayi 10 alionse amene amaidwala. Mdani adadziwika, koma kupanga katemera kudavuta chifukwa kachiromboka sikalola kuwetedwa mosavuta m'mabotolo a mu labotale monga tizirombo tina.

Apa m'pamene adatchula maina awiri amene ndidali ndisadawamvepo. Ian Frazer adabadwira ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu 1953, naphunzira udokotala ku Edinburgh, kenaka adasamukira ku Australia. Jian Zhou adali wa ku Hangzhou, m'dziko la China. Awiriwa adakumana ku Cambridge mu 1989, ndipo Frazer adaitana Zhou ndi mkazi wake Xiao-Yi Sun, yemwenso adali wasayansi, kuti akagwire naye ntchito ku yunivesite ya Queensland mumzinda wa Brisbane. Kumeneko, mu 1991, adakwanitsa kupanga chikuto chakunja cha kachiromboka chokhachokha, chopanda mbewu ya m'kati imene imadwalitsa.

"Taganizani chigoba cha nkhono, achemwali, mwini wake atatulukamo," adatero. "Thupi likaona chigobacho limayesa kuti mdani wafika, ndiye limakonzeratu asilikali. Tsiku limene kachirombo kenikeni kadzabwere kadzapeza pakhomo pali alonda. M'chigoba mulibe chimene chingadwalitse mwana, ndipo mulibe chimene chingatseke chiberekero."

Adaonjeza kuti akatswiri ena ku America adachitanso mbali yaikulu pa ntchito yomweyo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo katemera woyamba adaloledwa kubayidwa kwa anthu mu 2006. Tili pafupi kutsazikana adati, "Mwaona, achemwali, kuti anthu awiri ajawa onse adachoka kwawo?" Ine sindidayankhe. Ndidanamizira kuti mayunitsi akutha.

Ku msonkhano wa makolo ndidapita ndi chigoba cha nkhono chimene ndidatola kuseri kwa kalasi. Ndidachiyendetsa m'manja mwa amayi ndi abambo onse, ndipo ndidawauza za achemwali anga, nkhani imene ndidali ndisadaikambepo pagulu. Si onse adavomera, koma ambiri adalola, ndipo tsiku litafika mwana wa achemwali ndiye adayamba kupinda mkono wa yunifolomu. Adalira pang'ono, kenaka adathamangira kukasewera fulaye ndi anzake.

Funso la mlongo wanga lija lidakana kundichoka. Ndidayamba kuwerenga za anthu awiriwa, ndipo ndidaona mmene maiko amalimbiranira mwana akapambana. Mu 2006 dziko la Australia lidasankha Frazer kukhala nzika yake yopambana ya chaka chimenecho. Nanga a ku Scotland angalakwe atati ndi wawo, poti mchombo wake udagwera kumeneko ndipo ndiwo adamuphunzitsa udokotala? Zhou sadaone n'komwe zipatso za ntchito yake. Adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 42 zokha, kutatsala zaka 7 kuti katemera atuluke, ndipo pamene ku Ulaya ankapereka mphotho kwa awiriwa mu 2015, dzina lake lidatchulidwa mwini wake ali m'manda. Lero Mtchaina aliyense ali ndi chifukwa chonyadira dzina limeneli. Koma ine ndimadzifunsa: tsiku limene Zhou ankakwera ndege, kodi padalibe wachibale kapena mnzake wa kuntchito amene adang'ung'udza ngati ine, kuti taphunzitsa munthu woti akatumikire ena?

Mbiri ina idandikhudza kwambiri chifukwa ikufanana ndi za kwathu. Aziz Sancar adabadwa mu 1946 m'tauni yaing'ono ya Savur, kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey, kwa makolo osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Adaphunzira udokotala ku Istanbul nabwerera kukachiza anthu a kwawo, koma patapita kanthawi adasiya odwala ake n'kupita ku America. Kumeneko adakhala akufufuza za DNA, malangizo a moyo amene ali m'kati mwa tizigawo tonse ta thupi lathu. Malangizowa amang'ambika ndi dzuwa kapena utsi wa fodya, ndipo Sancar adaonetsa mmene thupi limadulira poonongekapo n'kusokapo chigamba. Kung'ambika kumene kwalephera kusokedwa n'kumene kumabala khansa. Mu 2015 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri, ndipo dziko la Turkey lidasangalala ngati mudzi wolandira mkwatibwi. Chaka chotsatira iye adakapereka mendulo yake ku nyumba yosungira mbiri ya pamanda a Atatürk ku Ankara, kuthokoza dziko lomwe lidamuphunzitsa. Nkhani yokoma ndithu. Koma pakati pa tsiku lomwe adachoka ndi tsiku la mendulo padadutsa zaka zoposa 40, ndipo m'zaka zonsezo anthu a ku Savur adapitiriza kudwala, nachizidwa ndi ena. Ndani ankamuimbira nthungululu pa nthawi imeneyo?

Ifenso khalidwe lathu ndi lomweli. Mmalawi mnzathu akatchulidwa pa wailesi kuti walemekezedwa kunja, tonse timadzuka. Chithunzi chake chimayenda m'mafoni, a kumudzi kwawo amakumbukira kuti adali mwana waulemu, aphunzitsi ake amati adaoneratu, ngakhale amene sadamuonepo amapeza ubale. Pakamwa pomwe padatuluka mawu oti wathawa m'pomwenso patuluka oti mwana wathu. Sindikunena kuti kunyadako n'kulakwa. Tili ndi gawo lathu m'kupambana kwake: adaphunzira a e i o u pansi pa mtengo wathu, msonkho wathu udalipira aphunzitsi ake, zitumbuwa za alongo ake zidamugulira nsapato. Wolima ali ndi ufulu wovina pa nthawi yokolola. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti kunyada kwathu kumadikira chidindo cha alendo. Mpaka a ku Stockholm kapena a ku London atiuze kuti mwana uyu ngwanzeru, ife timamuona ngati ngongole yosabwezedwa. Chikhalirecho pa akatswiri ambirimbiri amene amachoka kwawo, olandira mendulo ndi owerengeka pa zala. Otsalawo amakalambira m'malabotale, aliyense ataika njerwa yake imodzi pa khoma limene lidzatchedwe dzina la wina. Kodi amenewo si athu?

Komabe musandimve ngati ndikuti mkwiyo wanga udali wopanda pake. Uli ndi mbali yake yoona imene mendulo siyingaifafanize. Achemwali sankafuna katswiri wotchuka. Ankafuna munthu wodziwa kuyeza, pa mtunda woti n'kufikapo pa njinga, nthenda isadafalikire. Dokotala aliyense amene wakwera ndege amasiya mzere wa odwala umene wina ayenera kuusenza pamwamba pa wake. Ndiponso nzeru zopezedwa kunja sizibwera zokha kumudzi. Australia idayamba kutemera atsikana ake mu 2007. Katemera yemweyo adafika pasukulu pathu patapita zaka 12, ngakhale kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi yafala kwambiri pa dziko lonse lapansi. M'zaka 12 zimenezo, atsikana angati adakula osatetezedwa? Kunyada kokha sikufupikitsa mtunda umenewu.

Chimene chimaufupikitsa ndidachiona m'mbiri ya Marie Curie. Mayi ameneyu adabadwira ku Warsaw mu 1867, pa nthawi imene dziko la Poland lidali logawidwa pakati pa maufumu ena, ndipo akazi sankaloledwa kulowa yunivesite ya mumzindawo. Iye ndi mkulu wake Bronisława adapangana chochita. Wamng'ono adagwira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana a eni chuma kuti mkulu akaphunzire udokotala ku Paris, ndipo mkuluyo atakhazikika adalandira mng'ono wake kumeneko mu 1891. Marie sadabwererenso kukakhala kwawo, koma chinthu choyamba chimene adatulukira pamodzi ndi mwamuna wake mu 1898 adachitcha polonium, kutengera dzina la dziko lake. Chachiwiri, radium, chidathandiza kutsegula njira yootchera khansa, njira yomwe achemwali anga adaisowa. Mu 1932 ku Warsaw kudatsegulidwa chipatala chofufuza ndi kuchiza khansa. Marie adachipatsa galamu imodzi ya radium yogulidwa ndi ndalama zimene adasonkheredwa ku America, ndipo amene adatsogolera ntchitoyo kwawoko adali mkulu wake uja. Wina adali kunja, wina adali kwawo, koma njira ya pakati pawo sidamere udzu.

M'masiku athu ano aliponso Olufunmilayo Olopade, mayi wa ku Nigeria amene adaphunzira udokotala ku Ibadan nakakhazikika ku Chicago. Kafukufuku wake adathandiza kuonetsa kuti mwa amayi achikuda khansa ya m'mawere imakonda kubwera iwo akadali achichepere ndiponso imakhala yaukali, ndipo mu 2005 adalandira mphotho ya MacArthur. Koma ntchitoyo sikadafika pamenepo popanda madokotala ndi amayi a ku Ibadan amene adagwirana naye manja kwa zaka zambiri.

Njira ili ndi mathero awiri, ndipo onse awiri ayenera kulambulidwa. Wopitayo ali ndi ngongole yake, pakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma wotsalanso ali ndi yake. Ine ndidatseka mbali yanga ndi mawu a usiku umodzi, ndipo kwa zaka zoposa 6 m'banja mwathu mudali wodziwa za khansa amene palibe ankamufunsa kanthu. Pakadapanda msonkhano wa makolo uja, mwina mpaka lero bwenzi moni ukudzerabe kwa amayi. Ngati mlongo wa bere limodzi angatero, nanga dziko? Munthu amene timamukumbukira pofuna ndalama ya maliro yokha adzatitumizira ndalama ya maliro yokha.

Patapita miyezi ingapo ndidamuimbiranso, ulendo uno ndikumutcha iwe. Adandiuza zimene sindidamupatse mpata wonena mu 2012. Pa nthawi ya maliro zikalata zake zokhalira m'dzikomo zidali zisadatuluke, ndipo akadachoka sakadaloledwa kubwerera kukamaliza ntchito ya zaka zinayi. Adasankha kutsala, ndipo kusankhako kumamudyabe mumtima. Ntchito yake ndi yofufuza khansa ya ana yotupitsa nsagwada ndi mimba, imene Denis Burkitt adaifotokoza koyamba ku Uganda mu 1958, ndipo ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana a kuno kwathu. Adati adaiona koyamba m'wodi ya ana ali wophunzira, ndipo mafunso amene adatuluka nawo m'wodimo sakadayankhidwa popanda zipangizo zimene kuno kudalibe. Sindidamuuze kuti adachita bwino. Ndidangomufunsa kuti abwera liti.

Adabwera mu 2022, mliri wa Covid-19 utachepa. Titapempha kwa amfumu tidapita naye kumanda, ndipo adaima nthawi yaitali ataweramitsa mutu, mwana wa achemwali atamugwira dzanja. Kuchokera chaka chimenecho amabwera kamodzi pachaka, ndipo masabata awiri a tchuthi chake amathera pophunzitsa madokotala achinyamata. Sadalandirepo mphotho, dzina lake silidamvekepo pa wailesi, ndipo mwina silidzamveka.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire adandikoka chitenje namuloza ndi mlomo.

"Kodi si uja adathawira ku Ulayayu?"

"Ndi mlongo wanga ameneyo, mayi. Amafufuza za khansa."

"Ndiye wawapeza mankhwala ake?"

"Sadawapeze. Akufunafunabe."

Mayiwo adapukusa mutu ngati ondimvera chisoni. Ine ndidapita kukaima pafupi ndi mlongo wanga, kuti aliyense aone kuti tabwera limodzi.